Njira Ziwiri Zolipirira Chisamaliro cha Nzika

Boma losamalira nzika, kutanthauza boma limene limasenza udindo wothandiza anthu ake akadwala, akakalamba kapena ntchito ikawathera, limayenera kusankha kumene ndalama zake zichokere, ndipo mayiko a ku Ulaya anasankha mosiyana. Ku Germany, Otto von Bismarck anakhazikitsa inshulansi ya matenda mu 1883 ndi ya ukalamba mu 1889, ndipo ndalama zinkadulidwa pa malipiro a wantchito pamene wolemba ntchito naye ankasonkhapo gawo lake, kotero kuti thandizo linkayendera zimene munthu anaponyamo. Bismarck ankafunanso kuti antchito asakopeke ndi chipani cha asosholisti.

Ku Britain, lipoti la William Beveridge la mu 1942 linalimbikitsa kuti chitetezo chifikire aliyense, ndipo National Health Service, imene inayamba mu 1948, imayendetsedwa makamaka ndi misonkho, moti wodwala amaonana ndi dokotala popanda kupisa m'thumba.

Njira ya Bismarck imagwira bwino kumene anthu ambiri ali pa ntchito yolembedwa, koma imasiya kunja mlimi wa kumudzi ndi mayi wogulitsa tomato pamsika, amene alibe malipiro a pamwezi oti adulidwe, pomwe anthu oterewa ndi amene mavuto amawapsinja kwambiri. N'chifukwa chake ku Malawi Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa popanda kuwafunsa zimene anasonkha, ngakhale kuti thumba lake likudalirabe kwambiri mayiko ndi mabungwe othandiza.