Koyilo yofooka ingazimitse galimoto yakale pakati pa mseu wa Great East

Magalimoto ambiri amene amayenda pakati pa Chongwe ndi Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45, anabwera m'dziko muno atagwira kale nchito zaka zambiri ku Japan. Limodzi mwa mavuto amene eni ace amakumana nawo ndi kufa kwa koyilo, kacipangizo kamene kamapatsa mapulagi moto.

Batire ya galimoto imatulutsa mavoliti 12 okha, ndipo mphamvu imeneyi siingathe kuyatsa petulo m'injini. Nchito ya koyilo ndi kuikweza kufika pa mavoliti 20,000 kapena kuposerapo, kuti pulagi ithethetse moto. Magalimoto a dizilo alibe koyilo, cotero nkhani ino ikukhudza a petulo okha.

Magalimoto a Toyota Corolla a m'ma 1990, monga a injini ya 5A-FE, ali ndi koyilo imodzi yokha imene ili m'kati mwa distributor. Imeneyi ikafa, injini yonse imazima. Kawirikawiri imayamba mocenjeza: galimoto imazima ikatentha, ndipo ikazizira imalira ngati palibe cimene cacitika. Magalimoto a injini ya 1NZ-FE, monga Corolla, Spacio ndi Allion a m'ma 2000, pulagi iliyonse ili ndi koyilo yaceyace. Imodzi ikafa, injini imanjenjemera, imadya petulo wambiri, koma galimoto imayendabe.

Kuyendabe kumeneku ndi kumene kumanyenga oyendetsa ambiri. Kucokera ku Chongwe kulowera kum'mawa, mseu wa Great East uli ndi njira imodzi yopita ndi imodzi yobwera, ndipo mumayenda malole ndi mabasi akuluakulu opita ku Chipata ndi ku malire a Mwami. Galimoto ya masilinda anai imene imodzi yaleka kuyaka imasowa mphamvu pa nthawi imene woyendetsa watuluka m'mzere kuti apitirire lole. Injini ikazimiratu, ciwongolero cimauma, ndipo mabuleki amalimba munthu akangoponda kawiri kapena katatu. Amagwirabe, koma pamafunika kuponda ndi mphamvu zonse. Pa zitunda ndi makona a Manenekela, m'boma la Rufunsa, zimenezi zingatayitse moyo.

Ngozi ina ndi moto. Petulo amene sanapse m'silinda amapita ku paipi ya utsi, ndipo amakapsera mu catalytic converter mpaka imafiira. Kuimika galimoto yotere pa udzu wouma m'miyezi ya September ndi October kungayatse udzuwo ndi galimoto yomwe. Nyale ya check engine ikamathwanima, osati kungoyaka, ndiye kuti vutoli lafika pamenepa.

Koyilo siifa popanda cifukwa. Cacikulu ndi mapulagi akutha: mpata wa pulagi ukakula, koyilo imakakamizika kutulutsa mphamvu yoposa muyeso mpaka imang'ambika m'kati. Oilo yodontha kucokera pa gasiketi ya pamwamba pa injini imadzaza maenje a mapulagi ndi kuononga mphira wa koyilo. Madzi nawonso amalowa m'ming'alu, kaya pa nthawi ya dzinja kapena potsuka injini ndi paipi, cizolowezi cimene ambiri amaciona ngati ukhondo.

Nthawi zina colakwa cimacokera ku fakitale. Mu 2003, makampani a Volkswagen ndi Audi analengeza kuti adzasintha makoyilo a magalimoto opitirira 500,000 ku America, atalandira madandaulo ambiri a magalimoto atsopano ozima pa mseu.

Kupeza koyilo yakufa sikufuna ndalama zambiri. Makaniko amene ali ndi makina oyezera amawerenga nambala ya vuto: P0301 imasonyeza silinda yoyamba, P0302 yaciwiri. Kenaka amasinthanitsa koyilo ya silinda imeneyo ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka, koyilo ndiyo yafa. Likatsalira, ayang'ane pulagi kapena injekita. Amene amagula koyilo yakale ku masitolo a masipeya koma osasintha mapulagi, kawirikawiri amabwereranso kukagula ina. Ndipo munthu asagwire koyilo kapena mawaya a mapulagi injini ikulira, cifukwa magetsi ace amamenya koopsa.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Road Traffic Act la mu 2002, limayeza magalimoto kuti lione ngati ndi oyenera kuyenda pa mseu. Koma koyilo imene imafa ikatentha ingaoneke yabwino pa mphindi zocepa za kuyezako, cotero udindo umatsalira kwa mwini galimoto.

Injini ikazima muli pa liwiro, musacotse kiyi, cifukwa ciwongolero cingakhomeke. Yatsani mahazadi, pondani mabuleki mosalekeza, ndipo patukirani kumanzere kunja kwa tara. Tulutsani anthu onse aime patali ndi mseu, kenaka ikani matrayango kutsogolo ndi kumbuyo. Nthambi za mitengo zimene ambiri amaika pa mseu sizioneka usiku.