Kuphunzitsa Khanda Kugona Palokha

M'makomo ambiri a mpingo wathu muli amayi amene anaiwala kukoma kwa tulo. Khanda limagona pokhapokha likakhala pabere kapena kumbuyo, ndipo akangoti aligoneke pansi, ladzuka kale. Kukacha, mayi yemweyo ayenera kulawirira kumunda ndi kuchitsime. Kutopa kotere kumabala mkwiyo ndi mikangano m'banja, mwinanso ngozi. Tikumbukire mlandu umene Mfumu Solomo anaweruza pa 1 Mafumu 3: unayamba chifukwa mayi wina anagonera mwana wake usiku, mwanayo namwalira.

Choyamba tidziwe nthawi yake. Khanda losakwana miyezi 6 liyenera kuyamwa bere lokha, usana ndi usiku womwe, pakuti mimba yake ndi yaing'ono. Likadzuka ndi kulira, liyamwitseni. Imeneyo si nthawi yoliphunzitsa kupirira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa miyezi 4 mpaka 11 azigona maola 12 mpaka 16, kuphatikiza tulo ta masana. Kudzuka usiku ndi chibadwa cha mwana aliyense. Chimene angaphunzire akapitirira miyezi 6 ndicho kugonanso popanda kunyamulidwa.

Njira yake ndi chizolowezi. Madzulo aliwonse chitani zofanana pa nthawi yofanana: kumusambitsa, kumuyamwitsa, kumuimbira nyimbo motsitsa mawu ndi kupemphera naye. Mukaona kuti akuyasamula ndi kutikita m'maso, mugonekeni asanagoneretu, kuti azolowere kupeza tulo ali pamalo pake. Akayamba kulira, dikirani pang'ono, kenaka mumusisite ndi kumulankhula mofatsa. Akalira kwambiri, munyamuleni, ndipo akatonthola mumugonekenso. Masiku oyamba amavuta, koma musasinthesinthe njira.

Pogona pakhale potetezeka. Mwana wosakwana chaka agone chagada, osati chafufumimba, chifukwa kugona chagada kumachepetsa imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo. Malo ake akhale pafupi ndi mayi, olimba, opanda pilo, ndipo akhale mkati mwa neti yoteteza ku udzudzu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, monga zimakhalira ku Angónia, muvekeni zofunda koma nkhope isaphimbike, ndipo musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Munthu amene wamwa mowa kapena wosuta fodya asagone pamodzi ndi khanda.

Pali zina zoti tisachite konse. Tisapatse mwana mowa kapena mankhwala ogonetsa, ndipo tisamugwedeze mwaukali ngakhale titatopa motani, popeza kutero kumavulaza ubongo. Mwana akatentha thupi, akakana kuyamwa kapena akamapuma mobanika, lekani zophunzitsa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Inu abambo, ntchito imeneyi si ya mayi yekha. Dzukani nanunso, mutonthoze mwana kuti mkazi wanu apumeko. Inu agogo ndi amayi a Chigwirizano, yenderani mabanja achinyamata, makamaka amene ali ndi mwana woyamba, ndipo muwathandize mosanyoza.

Salimo 127 litikumbutsa kuti tulo ndiponso ana ndi mphatso zochokera kwa Mulungu. Tisamale mphatso ziwirizi modekha ndi mwachikondi. Ambuye adalitse mabanja athu onse.