Andrew Young: kuchokera ku sukulu za akuluakulu mpaka kukhala meya

Inu amene mukuphunzira kuwerenga mutakula kale, imvani mbiri ya Andrew Young wa ku America.

Young anabadwa mu 1932 mumzinda wa New Orleans, ndipo atakula anakhala m'busa. Masiku amenewo, kum'mwera kwa dzikolo, munthu wakuda akafuna kulembetsa kuti adzavote ankayamba walemba mayeso. Ankamupatsa ndime ya malamulo kuti awerenge ndi kufotokoza. Woyesayo ankakhala mzungu, ndipo akafuna ankangoti: "Walephera."

Mu 1961 Young anayamba kugwira ntchito m'gulu la Martin Luther King. Iye ndi amayi awiri, Septima Clark ndi Dorothy Cotton, ankaphunzitsa aphunzitsi a sukulu za akuluakulu. M'sukuluzo alimi ndi antchito a m'nyumba ankaphunzira kulemba dzina lawo, kudzaza mafomu ndi kuwerenga malamulo. Akatero ankapita kukalembetsa. Ena ankachotsedwa ntchito chifukwa cha zimenezi, koma sukulu sizinatsekedwe. Mu 1965 lamulo latsopano linaletsa mayeso aja m'zigawozo.

Mu 1970 Young anapikisana nawo pa chisankho cha aphungu, amene kuno timati madeputado, koma anagonja. Mu 1972 anayesanso ndipo anapambana. Panali patatha zaka zoposa 100 chigawo cha Georgia chisanatumizenso munthu wakuda ku Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, yotchedwa Congress.

Mu 1977 Pulezidenti Jimmy Carter anamusankha kukhala kazembe ku United Nations. Chaka chomwecho anabwera ku Maputo, kumsonkhano wokambirana za ufulu wa Zimbabwe ndi Namibia. Mu 1979 anatula pansi udindowo zitadziwika kuti anakumana ndi nthumwi ya gulu la PLO la ku Palestine, zomwe boma lake silinkalola.

Kenako anthu a ku Atlanta anamusankha kawiri kukhala meya, mtsogoleri wa mzinda. Analamulira kuyambira 1982 mpaka 1990, ndipo anathandiza kuti masewera a Olimpiki a 1996 achitikire kumeneko.

Kuno kwathu palibe amene amakuyesani mayeso kuti muvote. Komabe mukadziwa kuwerenga, mumaona nokha ngati dzina lanu lalembedwa bwino pa khadi lovotera, ndipo zimene ofuna mavoti alonjeza papepala mumadziwerengera nokha. Mukapita kukalasi sabata ino, tengani khadi lanulo mukaliwerenge pamodzi ndi anzanu.