YOGA: KUONGOLA THUPI NDI KUKHAZIKA MTIMA PANSI

Mwa anthu obwera kuzipatala za m'Chigwa cha Shire alipo ambiri amene dandaulo lawo ndi msana. Mlimi wa thonje wa ku Ngabu, wodula nzimbe wa ku Nchalo ndi mayi wosenza madzi ku Tengani, onsewa amatha tsiku ali chiweramire kapena atasenza katundu. Ena amadandaula kuti tulo sabwera ndipo mtima umangogunda kaamba ka nkhawa, makamaka mitambo ya mvula ikayamba kuunjikana, pokumbukira madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Anthu otere angapeze thandizo m'masewero olimbitsa thupi otchedwa yoga, amene safuna ndalama, bwalo kapena zipangizo, koma mkeka ndi mphindi zochepa chabe.

Chiyambi chake

Yoga inayambira ku India, dziko limene kunachokera Amwenye amene kale ankachita malonda ku Chiromo ndi ku Nsanje. Liwuli ndi la chinenero chakale cha Sanskrit, ndipo tsinde lake limatanthauza kumanga pagoli. Mlimi aliyense amadziwa kuti ng'ombe ziwiri zikamangidwa goli limodzi, ngolo imayenda bwino pokhapokha zitakoka mogwirizana. Anzeru a ku India anaona kuti thupi ndi maganizo a munthu zili chimodzimodzi: chimodzi chikapatuka, chinzake chimavutika.

Zaka zoposa 1,500 zapitazo, mphunzitsi wina dzina lake Patanjali anasonkhanitsa chiphunzitsochi m'buku lotchedwa Yoga Sutra, lokhala ndi ziganizo zifupizifupi pafupifupi 196. Dziko lakunja linayamba kumva zambiri za nzeru za ku India pamene Swami Vivekananda analankhula pamsonkhano wa zipembedzo ku Chicago m'chaka cha 1893. Koma masewero oongola thupi amene afala masiku ano anakonzedwa makamaka ndi Krishnamacharya, amene ankaphunzitsa ku Mysore m'zaka za m'ma 1930. Mmodzi mwa ophunzira ake, B.K.S. Iyengar, anali wodwaladwala paubwana wake: anadwalapo malungo, chifuwa chachikulu ndi taifodi. Iyeyu anadzakhala mphunzitsi wotchuka wa yoga ndipo anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. M'chaka chomwecho bungwe la United Nations linagwirizana kuti pa 21 June chaka chilichonse likhale tsiku lokumbukira yoga, ndipo mwambowu unayamba mu 2015.

Chiphunzitso chake

Kwa Patanjali cholinga cha yoga chinali kuletsa maganizo kuyendayenda. Iye anagawa njira yake m'makwerero 8. Loyamba ndi kukhala bwino ndi anthu: osapweteka wina, osanama, osaba, kudziletsa ndi kupewa dyera. Lachiwiri ndi kudzisamala, ndipo pamenepa ukhondo ndiwo unaikidwa patsogolo. Lachitatu ndi kakhalidwe ka thupi, lachinayi ndi kapumidwe, ndipo anayi otsalawo amaphunzitsa munthu kutonthoza maganizo ndi kuwaika pa chinthu chimodzi. Za thupi iye sananene zambiri, koma kuti kakhalidwe kake kakhale kokhazikika ndi kosapweteka.

Nzoona kuti mizu ya yoga ili m'zipembedzo za ku India, ndipo alipo Akhristu ndi Asilamu amene amaikayikira pa chifukwa chimenechi. Koma zimene madokotala amalimbikitsa ndi mbali ya kuongola thupi, kupuma mwadongosolo ndi kupumula. Zimenezi munthu angazichite popanda kupembedza chilichonse, popanda kutchula mawu achilendo ndiponso popanda kusiya mpingo kapena mzikiti wake.

Kodi wogwira khasu akufuniranji masewero?

Funsoli ndi loyenera, pakuti munthu wakumudzi sakhala chabe. Koma ntchito yakumunda imapinda thupi mbali imodzi yokha, kutsogolo, kwa maola ambiri. Motero minofu ya m'chiuno ndi ya kumbuyo kwa ntchafu imakungika, pamene minofu ina imakhala yosagwira ntchito. Yoga imapinda thupi mbali zimene khasu silipindako, ndipo imatero mofatsa. Madokotala atafufuza anapeza kuti imachepetsako ululu wa msana umene wakhalitsa, kotero kuti mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaiika m'gulu la njira zoyamba kuyesa munthu asanadalire mankhwala opha ululu.

Phindu lachiwiri lili m'kapumidwe. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20 pamphindi. Akachita mantha amapuma mofulumira, mtima umathamanga ndipo mitsempha ya magazi imaning'a. Akatulutsa mpweya pang'onopang'ono, thupi limalandira uthenga wakuti zoopsa zapita, ndipo mtima umabweza liwiro. Nchifukwa chake kupuma kotereku kumathandiza wosowa tulo ndi wankhawa, ndiponso kungatsitseko pang'ono kuthamanga kwa magazi. Nthendayi si ya m'tauni mokha ayi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi magazi othamanga kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Kwa okalamba, masewerowa amathandiza kuti miyendo ikhale yolimba ndi kuti munthu asamadzandire poyenda.

Masewero asanu oyambira

1. Kupuma. Munthu akhale pamkeka kapena pampando, msana uli njo. Akoke mpweya ndi mphuno uku akuwerenga mpaka 4, mimba ikufufuma, kenaka autulutse akuwerenga mpaka 6. Achite zimenezi kwa mphindi 3.

2. Msana wa mphaka. Agwade ndi kutsamira manja pansi. Potulutsa mpweya akweze msana monga achitira mphaka podzuka kutulo. Pokoka mpweya autsitse nadzutsa mutu. Abwereze ka 8.

3. Kudzutsa chifuwa. Agone chafufumimba, zikhatho zili pafupi ndi mapewa. Adzutse mutu ndi chifuwa pang'ono, chiuno chili pansi, apume katatu, kenaka atsike. Abwereze ka 5. Ili ndilo sewero lobweza msana umene watha tsiku uli wowerama.

4. Mawondo pachifuwa. Agone chagada, akokere mawondo pachifuwa ndi manja, apume ka 5 ali choncho, kenaka awasiye. Abwereze katatu.

5. Kupumula. Agone chagada, manja ndi miyendo zili zomasuka, maso atatseka. Amasule thupi kuyambira kumapazi mpaka kumutu, maganizo ali pa mpweya wokha, kwa mphindi 5.

Zonsezi zimatha mphindi 15 kapena 20. Popeza m'Chigwa kumatentha, ndipo mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, pamthunzi, munthu asanadye chakudya chambiri. Wochita madzulo achitire m'nyumba kusanade, kuopa udzudzu. Zovala zikhale zotakasuka, ndipo madzi akumwa akhale pafupi. Kumva minofu ikukokeka nkwabwino, koma ululu wobaya ndi chizindikiro chakuti munthu aleke pomwepo. Kuthamanga sikufika: wochita pang'ono masiku onse amapindula koposa wodzikakamiza tsiku limodzi.

Oyenera kusamala

Mayi wapakati asagone chafufumimba, ndipo mimba ikakula asagone chagada nthawi yaitali. Ayambe wafunsa anamwino kusikelo. Wothamanga magazi asaimike mpweya m'chifuwa ndiponso asachite masewero ozondotsa mutu pansi. Amene wachitidwa opaleshoni posachedwa, wothyoka fupa, wotentha thupi ndi wachizungulire adikire kufikira adokotala atamulola.

Zimene yoga singathe

Yoga si mankhwala. Siipha tizilombo ta malungo, chifuwa chachikulu, likodzo kapena HIV. Munthu amene akumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asasiye kumwa poganiza kuti masewero akwanira. Kuthamanga kwa magazi kawirikawiri sikumveka m'thupi, ndipo kumadziwika pokhapokha munthu atayezetsa. Kukafika pa 140/90 kapena kupitirira kangapo, pafunika uphungu wa kuchipatala. Kuchepetsa mchere, kusiya fodya ndi kuchepetsa mowa kuyenera kuyendera limodzi ndi masewerowa.

Ndiponso si msana uliwonse umene umapweteka chifukwa cha ntchito. Ngati ululu wabwera pamodzi ndi kutentha thupi, kuonda, thukuta la usiku, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kulephera kugwira mkodzo, kapena magazi mumkodzo, munthu apite kuchipatala msanga. Chifuwa chachikulu chimatha kulowa m'mafupa a msana, ndipo chikachedwa kuchizidwa chimapuwalitsa. Likodzo, limene ndi lofala kwa osodza ndi olima m'madimba a m'mphepete mwa Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh, limaononga chikhodzodzo ndi impso. Wodwala wotere akataya miyezi akuongola thupi pamkeka, nthenda imakula.

Choncho njira yanzeru ndi kuyamba wayezetsa pachipatala chapafupi, kaya ku Chikwawa, ku Ngabu, ku Nsanje kapena pachipatala chaching'ono cha m'dera lake. Achipatala akatsimikiza kuti palibe nthenda yobisika, munthu ayale mkeka wake m'mawa uliwonse asanatenge khasu. Mwamuna ndi mkazi, agogo ndi adzukulu, angachitire pamodzi pakhonde, ndipo akapitiriza kwa miyezi iwiri kapena itatu adzatha kuona okha ngati msana wapepuka ndi tulo tayamba kubwera.