Njala ya Febuluwale imayamba pa nthawi yokolola

Banja la m'mbali mwa nyanja limadalira zinthu ziwiri, munda ndi madzi. Zikanayenda bwino, chimodzi chikachepa chinzake bwenzi chikutithandiza. Koma taonani mmene chaka chimayendera. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, chimanga chakale chimakhala chatha pomwe chatsopano chikadali m'munda. M'nyengo yomweyi, kuyambira mu Novembala, boma limaletsa makoka ena pa nyanja kuti chambo chiswane. Usipa ukaphedwa, mitambo ndi mvula zimaulepheretsa kuuma, ndiye umagulitsidwa motaya kapena kuwolera pathandala. Mtengo wa chimanga nawo umakhala utakwera zedi. Makomo onse amatsekeka nthawi imodzi.

Pali njala ina imene sitingaipewe ndi manja athu. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda m'chigawo chakummwera, ndipo mu 2024 ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Koma njala imene imabwera chaka ndi chaka, ngakhale mvula itagwa bwino, kawirikawiri imayamba pakati pa Meyi ndi Julayi, chakudya chili mbwee pakhomo.

Werengani musanagulitse

Mavenda amabwera ndi sikelo zawo nthawi yokolola chifukwa amadziwa kuti ndi pamene chimanga ndi mpunga zimatchipa. Chimanga chomwecho timadzachigulanso mu Januwale, mbale imodziimodzi, pa mtengo wowawa. Choncho musanatulutse thumba ngakhale limodzi, bambo ndi mayi khalani pansi muwerenge. Ngati pakhomo panu thumba la makilogalamu 50 limatha mwezi umodzi, kuchokera Juni mpaka Malichi mukufunika matumba 10. Onjezerani la alendo, la maliro ndi la sadaka. Chotsala ndicho chogulitsa. Amene sanakolole zokwanira koma ali ndi bwato kapena amagwira ntchito pa chilimira, nthawi yogula chimanga ndi yomweyi. Ndalama ya usipa wa lero ikasanduka thumba mu Juni, imagula zambiri kuposa ikadikira mvula.

Kumbukiraninso kuti kukonola kumachepetsa chakudya, poti gawo lalikulu limapita ku madeya. Mgaiwa umakhalitsa, komanso uli ndi zofunika m'thupi zambiri kuposa ufa woyera.

Nankafumbwe asadye nafe

Kusunga chimanga chosauma ndi kuitana mavuto awiri: anankafumbwe ndi chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo satha ngakhale muphike. Yanikani chimanga pamkeka kapena palona, osati padothi. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, tsekani, khutchumulani, ndipo mudikire kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Chikauma, matumba a PICS ndi othandiza. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukamanga lililonse palokha, mutafinya mpweya, tizilombo timafa chifukwa chosowa mpweya, popanda mankhwala. Thumbalo mutha kuligwiritsanso ntchito chaka china bola lisabooke, choncho liikeni pathandala, lisakhudze khoma, makoswe asalifikire. Ngati mukuthira mankhwala a ufa monga Actellic, tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo kapena funsani alangizi. Mankhwala a thonje kapena a ndiwo zamasamba asayandikire chakudya, kaya ndi chimanga kaya ndi nsomba zouma.

Tisadalire chimanga chokha

Abale athu a ku Nkhotakota amadziwa ubwino wa chinangwa. Chimapirira ng'amba, chimakula m'dothi lamchenga, ndipo chimasungika m'munda momwemo mpaka tsiku lochifuna. Kondowole ndi makaka zapulumutsa mabanja ambiri m'zaka zimene chimanga chinakanika. Mbatata yofiira mkati imacha pa miyezi itatu kapena inayi, imapatsa ana vitamini A, ndipo masamba ake ndi kholowa. Madzi akaphwera m'madambo, dzalani m'dimba chimanga, nyemba ndi mbatata kuti mudzakolole mvula isanayambe. Amayi, mfutso wa nkhwani, khwanya ndi chisoso usanyozeke. M'miyezi imene ndiwo zimasowa, ndi umene umatsitsa nsima.

Nsomba nazo zisungidwe

Nthawi ya dzuwa usipa ukachuluka, patulani wina wa pakhomo musanagulitse. Uume bwino pathandala lokwezeka, osati pamchenga, ndipo muziuyanikanso nthawi ndi nthawi kuti usafumbwe. M'madooko ena a ku Mangochi ndi Salima muli matenti apulasitiki oumitsira nsomba ndi kutentha kwa dzuwa, amene amaziteteza ku mvula, fumbi ndi ntchentche. Usipa wouma mukausinja n'kuthira m'phala la mwana, amadya ndi minga yomwe, yomwe imalimbitsa mafupa.

Njala ikafika povuta, ena amatenga neti ya udzudzu kukakokera m'mphepete mwa nyanja. Mphepetemo ndi mmene chambo chimakumba zisa zake pamchenga, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Chidebe cha kasawala chimene chaphedwa lero ndi chambo cha chaka chamawa. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la Mfumu Makanjira, asodzi akhala akusiya kuwedza m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo nyanja ikatsegulidwa amapha nsomba zooneka. Banja limene lili ndi matumba m'nyumba silivutika kumvera lamulo lotere. Ndiye kusunga chimanga kumatetezanso nyanja.

Gawo la osowa

Pali anzathu amene alibe choti awerenge: amayi amasiye, nkhalamba, ana amasiye, ndi amene minda yawo inamira nyanja itakwera. Chisilamu chinaika gawo lawo pa zokolola. Mbewu zosungika monga chimanga ndi mpunga zikafika pa nisabu, imene ndi pafupifupi makilogalamu 650 kapena matumba 13, zakaati yake ndi thumba limodzi pa matumba 10 alionse ngati munda unadalira mvula. Ngati munathirira ndi pampu kapena ndi khama la manja, ndi thumba limodzi pa 20 alionse. Mashehe athu adzakuunikirani mawerengedwe ake. Popereka, muthandizeni wolandirayo kusunga bwino, asakagulitse kwa venda mawa lake.

Kuwonjezera pa zakaati, jamaa ya pamzikiti itha kusonkha sadaka ya chimanga nthawi yokolola, aliyense ndowa kapena mbale monga angathere. Chimangidwe m'matumba a PICS, chilembedwe m'buku, ndipo makiyi asungidwe ndi anthu awiri kapena atatu odalirika. Chikatsegulidwa mu Januwale, chimapulumutsa mabanja ku katapila ndiponso ku ganyu amene amasiyitsa munthu kupalira munda wake womwe. Nkhaniyi ikambidwe pambuyo pa Jumu'a ikubwerayi, chimanga chisanachoke m'midzi, ndipo Insha Allah mvula ikadzagwa idzatipeza tili ndi mphamvu zogwira khasu.