Kodi mumadziwa? Gasi amayamba wayeretsedwa asanayende ulendo

Gasi wochokera pansi pa nthaka satuluka ali woyera. Mbali yaikulu ndi methane, koma amabwera atasakanikirana ndi madzi, mpweya wa carbon dioxide, ndipo m'zitsime zina mumakhalanso hydrogen sulphide, mpweya wakupha wonunkha ngati dzira lovunda. N'chifukwa chake ku Temane, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, gasi amayamba wadutsa pafakitale yoyeretsera asanalowe m'paipi ya makilomita 865 yopita ku Secunda, ku South Africa.

Ena amati kuyeretsaku kumangokweza mtengo, popeza gasiyo amayakabe ngakhale asanayeretsedwe. Kuyaka amayaka ndithu, koma sangafike patali. Madzi akakumana ndi gasi wopanikizidwa pamalo ozizira amaundana n'kutseka paipi, ndipo akasakanikirana ndi mipweya ija amadya chitsulo. Gasi wonyamulidwa pa sitima zapamadzi amaziziritsidwa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke wamadzimadzi, malo ake n'kuchepa ka 600. Pakuzizira kotere carbon dioxide wotsalira amauma gwa n'kutsekereza makina. Ndalama zoyeretsera sizipita pachabe ayi: m'mafakitale ambiri otere amapatulanso propane ndi butane, gasi amene amadzazidwa m'masilinda ophikira.