Bwanji sopo wamadzi sapangidwa ndi mankhwala amodzi?

Amayi opanga sopo wamadzi wotsukira mbale amakonda kundifunsa kuti, bwanji osangogula mankhwala amodzi amphamvu m'malo mosakaniza awiri kapena atatu? Ife akatswiri a kemisitiri yankho timalipeza pamwamba penipeni pa madzi.

Mamolekyu a madzi amakokana kwambiri, moti singano imayandama ukayiika mosamala. Tikayeza kukokanaku timapeza mamilinyutoni 72 pa mita. Sopo amakutsitsa kufika cha m'ma 30, ndipo m'pamene madzi amalowa bwino m'nsalu ndi kunyowetsa mbale yanona.

Amene amagwira ntchitoyi ndi mamolekyu otchedwa surfactant. Molekyu iliyonse ili ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wodana nawo, nthawi zambiri wa makaboni 12 mpaka 18. Poyamba amandandalika pamwamba pa madzi, michira ili kunja. Malo akatha, otsalawo amaunjikana timipira totchedwa micelle, michira m'kati, ndipo mafuta a ndiwo amakabisala mmenemo n'kupita ndi madzi otsukuluzira. James McBain ndiye adafotokoza za timipirati m'chaka cha 1913.

Vuto n'lakuti mitu ya mankhwala ambiri ochapira ili ndi magetsi a negetivu, choncho imakankhana. Sodium lauryl sulfate payekha amafunika magalamu opitirira pang'ono 2 pa lita kuti timipira tiyambe kupangika. Ukathiramo surfactant wopanda magetsi, mitu yake imalowa pakati pa yokankhanayo, ngati nkhoswe yokhala pakati pa awiri osamwerana madzi kuti onse akwane pa benchi. Mamolekyu amathithikana, timipira timapangika ndi mankhwala ochepa. Rubingh adapereka njira yowerengera mgwirizanowu mu 1979 ndi nambala yotchedwa beta: ikatsika kwambiri pansi pa ziro, ndiye kuti awiriwo amvana zedi.

Werengani pabotolo la shampu, nthawi zambiri mupeza sodium laureth sulfate ali limodzi ndi cocamidopropyl betaine. Wachiwiriyo amalimbitsa thovu, komanso amachepetsa mamolekyu oyenda okhaokha, omwe ndi amene amayabwitsa khungu ndi maso. Kamchere pang'ono kamatalikitsa timipira tija mpaka timapiringizana, shampu n'kukhuthala. Mchere ukapyola muyeso amasungunukanso. Kusakaniza kumathandizanso pamadzi a pamjigo okhala ndi kashiamu wambiri, amene amasandutsa sopo wamtanda zoyerayera zoyandama m'beseni.

Koma si kusakaniza kulikonse kopindula. Mankhwala ofewetsa zovala ali ndi mitu ya pozitivu. Akakumana ndi sopo waufa wa negetivu amamatana n'kusiya kusungunuka, thovu limazima, zovala osayera, osafewanso. N'chifukwa chake ofewetsawo amathiridwa m'madzi omaliza otsukuluzira.

Choncho musanathire chatsopano m'ndowa yanu, funsani wogulitsa ngati ndi anionic (wa negetivu), cationic (wa pozitivu) kapena nonionic (wopanda magetsi), ndipo yesani kaye m'kapu. Madzi akachita mbuu kapena zina zikadikha pansi, awiriwo asakumanenso m'ndowa yaikulu.